Makhadi a Khirisimasi asathere m'dirowa: njira zotchipa zowaikira poonekera m'nyumba

Khadi longoimikidwa pa shelufu silichedwa kugwa. Wina akatsegula chitseko mphepo n'kulowa, loyamba limagwetsa lachiwiri, lachiwiri lachitatu, ndipo pofika pa 25 Disembala ena amakhala atalowa kale kuseri kwa kabati. Mwini nyumba akatopa n'kutola amangowasonkhanitsa n'kuwaponya m'dirowa, chonsecho wotumizayo anachita kukhalira pansi, kusankha mawu, n'kulemba ndi dzanja lake.

Zofunika kuti makhadiwa aoneke bwino zilimo kale m'nyumba zambiri: chingwe, mapegi opanira zovala, katoni, timitengo touma, ulusi, singano ndi sizasi. Koma musanadule kalikonse, gwiritsitsani mfundo ziwiri zimene njira zonse za pansipa zatsamirapo.

Yoyamba ndi yakuti khadi lizipanidwa, lisamamatidwe. Selotepi pochotsa imasenda pepala, imanyamula penti wa pakhoma, ndipo ikakhalitsa imasiya banga lachikasu losachoka. Choipa kuposa pamenepo n'chakuti khadi lomatidwa pakhoma siliwerengekanso, pamene mtima wa khadi uli m'kati, pa mawu olembedwawo. Lopanidwa mlendo amalichotsa, n'kuwerenga, n'kulibwezera. Guluu muzimugwiritsa ntchito pa mapegi ndi pa katoni basi.

Yachiwiri ndi yakuti makhadi safika tsiku limodzi. Lero awiri, mawa palibe, sabata yamawa asanu. Choncho chimene mupange chikhale chooneka bwino chili ndi makhadi atatu okha, komanso chokhala ndi malo oonjezerapo ena mpaka Chaka Chatsopano.

Apatuleni kaye

Yalani makhadi onse patebulo, a chaka chino pamodzi ndi akale ngati munasungako, muwapatule potengera kapindidwe kake, osati kukongola. Kapindidwe n'kamene kamalamula mmene khadi lingapachikidwire.

Ambiri ndi opindira m'mbali, otsekukira kumanzere. Awa amafuna pegi. Ena ndi opindira pamwamba, ndipo ndi osavuta kuposa onse chifukwa amangokhalira pachingwe okha, tsamba lina kutsogolo, lina kumbuyo. Gulu lachitatu ndi la osapinda, pepala limodzi lolimba, kawirikawiri lokhala ndi chithunzi cha banja lotumizalo. Sangaime okha, n'chifukwa chake ndi amene amayamba kusowa. Musawaone ngati zobwera posachedwa: khadi loyamba la Khirisimasi losindikizidwa kuti ligulitsidwe, limene Henry Cole anapangitsa ku London mu 1843 ndipo wojambula wake anali John Callcott Horsley, linali pepala limodzi losapinda, ndipo anasindikiza 1,000.

Ikani padera makhadi olemera: omatidwa mikanda, otumphuka mukawatsegula, ndi aja oimba nyimbo. Oimbawa muwasamale mwapadera. M'kati mwake mumakhala kabatire kakang'ono kozungulira, ndipo mwana akakameza kangathe kumuwotcha kummero m'maola awiri okha. Apachikeni pamwamba posafikira ana, ndipo mukakayikira kuti mwana wameza, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe kudandaula.

Kenako yezani. Makhadi ang'onoang'ono ambiri amayandikira saizi ya A6, yomwe ndi masentimita 10.5 m'lifupi ndi 14.8 m'litali. Akuluakulu amayandikira A5, masentimita 14.8 ndi 21. Mukasiya mpata wa masentimita 2 pakati pa khadi ndi linzake, mita imodzi ya chingwe imanyamula makhadi 8 a A6 kapena 6 a A5. Masamu amenewa akupulumutsani kukhoma misomali kawiri.

Malo ake

Khoma limene limawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse lisiyeni. Inki yofiira ndi yachikasu ndiyo imayamba kufwifwa padzuwa, n'chifukwa chake zithunzi zokhalitsa pawindo zimatsala zabuluu. Kukhitchini kuli nthunzi ndi mafuta ouluka, ndipo pepala likayamwa chinyezi limapindika osabwereranso. Khoma limene mukudziwa kuti limanyowa mvula ikagwa nalonso ayi. Pafupi ndi kandulo, chitofu kapena chotenthetsera nyumba siyani mpata wosachepera mita imodzi, ndipo muganizirenso kumene khadi lingagwere pegi litaphonya.

Malo abwino ndi amene anthu amaimapo kapena kukhalapo kwakanthawi: khoma la pabalaza, pafupi ndi tebulo lodyera, m'kanjira kolowera m'nyumba. Pakati pa zokongoletsazo pakhale pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, pafupifupi masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Ambiri amapachika pamwamba zedi, pafupi ndi denga, poganiza kuti ndi pooneka. Pamaoneka inde, koma palibe amene adzakwere pampando kuti awerenge.

Chingwe ndi mapegi

Iyi ndi njira imene ndingalangize aliyense kuyambira, ndipo kwa nyumba zambiri ndi yokwanira payokha. Imaoneka yachibwana ikachitidwa mothamanga, koma yaukatswiri ikachitidwa mofatsa. Kusiyana kwake kuli pa tinthu ting'onoting'ono.

1. Sankhani chingwe chosaterera komanso chosatamuka. Cha thonje kapena cha khonje n'chabwino chifukwa pegi limagwirapo. Cha nayiloni chimaterera, makhadi onse n'kukaunjikana pakati. Ulusi wolukira majuzi umatamuka tsiku ndi tsiku, moti pakutha pa sabata mzere umakhala utagwera pansi.

2. Tsukani mapegi ngati ndi omwe mumayanikira zovala panja, muwaumitse mpaka aume gwa. Pegi lamtengo limene lakhalitsa pamvula limakhala ndi dzimbiri pa kawaya kake ndi mawanga akuda pakamwa, ndipo zonsezi zimadinda pa pepala loyera. Mukafuna kuwapaka penti, apanikeni m'mbali mwa katoni pouma kuti kukamwa kusamatirire, ndipo dikirani mpaka mawa lake musanapanire khadi. Mtundu umodzi kapena iwiri ndi yokwanira. Makhadiwo ali kale ndi mitundu yambiri, mapegi asapikisane nawo.

3. Ikani zizindikiro ziwiri pakhoma ndi pensulo, poyeza kuchokera pansi mbali zonse ziwiri ndi tepi yoyezera. Musadalire maso. Mzere umodzi usapitirire mita imodzi ndi theka popanda chogwira china pakati. Ngati khoma ndi lalitali, onjezani msomali wachitatu kuti chingwe chipange mapinda awiri.

4. Khomani misomali yaing'ono mopendeketsa, mutu ukuloza m'mwamba ndiponso kunja pang'ono, kutali ndi kumene chingwe chikukokera. Msomali wokhomedwa mowongoka umazuka katundu akachuluka. Musakhome molunjika pamwamba kapena pansi pa swichi ndi soketi, chifukwa mawaya a magetsi nthawi zambiri amadutsa mmenemo.

5. Mangani chingwe, koma musachikoke kuti chiwongoke ngati rula. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chingwe chikawongoka kwambiri, mphamvu imene chimakokera misomali imachuluka kwambiri ngakhale katunduyo akhale wopepuka. Chilekeni chigwe masentimita 5 mpaka 8 pakati pa mita iliyonse. Misomali imapuma, ndipo kupindika kumeneko n'kumene kumakongoletsa. Mbali imodzi mangani mfundo yomasuka mosavuta kuti mudzathe kukoka pang'ono makhadi akachuluka.

6. Panani makhadi kuyambira pakati kupita kunja, limodzi kumanja, lina kumanzere. Pa khadi lopindira m'mbali, panani tsamba lakumbuyo lokha, pamwamba, moyandikirako kopindirako kusiyana ndi pakati penipeni. Likatseguka pang'ono kulemera kwake kumasamukira mbali imeneyo, ndipo likapanidwa pamenepo limakhala lowongoka. Tsamba lakutsogolo limatsala lomasuka, munthu n'kumawerenga osachotsa n'komwe. Pa zithunzi zonyezimira ikani kapepala kopinda pakamwa pa pegi kuti lisasiye mano.

Ngati mukufuna mizere iwiri kapena itatu, siyani masentimita 20 pakati pa mizere ya makhadi ang'onoang'ono, ndi 27 pa akuluakulu.

Nanga okhala m'nyumba ya lendi, amene saloledwa kukhoma misomali? Yang'anani zogwira zimene zilipo kale: malekezero a chitsulo cha katani, zogwirira za kabati, msomali wa kalendala, m'mbali mwa shelufu ya mabuku. Chingwe chomangidwa pa shelufu ndi chabwino kwambiri popeza mabuku amatchinga mphepo kumbuyo. Mahuki omata aja opangidwira kuchotsedwa amagwiranso ntchito pakhoma losalala ndi louma, bola mupukute fumbi, mudikire nthawi imene yalembedwa pa paketi musanakolekepo kanthu, ndipo pochotsa muzikoka kalilime kake pang'onopang'ono motsetsereka ndi khoma, osati mokokera kwa inu. Pakhoma la penti wofumbuka kapena wosendeka musayese n'komwe.

Mtengo wa timitengo, wopachikika pa msomali umodzi

Ngati pakhoma pali msomali umodzi wokha umene mungagwiritse ntchito, pangani ichi. Chimatenga nthawi kuposa chingwe chamba, koma ndi chimene alendo amafunsa kuti mwagula kuti.

Pezani timitengo touma tisanu, towongoka, tonenepa ngati chala. Dulani motere: masentimita 20, 40, 60, 80 ndi 100. Tikhale touma ndithu, chifukwa tatiwisi timatuluka utomoni ndipo timapindika pouma. Tipaleni ndi mpeni pamene pali timinga, tipukuteni, ndipo mutiyang'ane ngati tili ndi timabowo ta tizilombo. Kamtengo kofumbwa kasalowe m'nyumba.

Tiyaleni pansi, kakafupi pamwamba, kakatali pansi, motalikirana masentimita 22, pakati pa kalikonse pakhale pamzere umodzi. Dulani chingwe cha mamita 4, muchipinde pakati, ndipo pa chipindacho mangani mfundo yosiya kakhosi kokolekera pa msomali. Tsopano muli ndi miyendo iwiri ya chingwe. Wina utsike kumanja, wina kumanzere, ndipo pa kamtengo kalikonse muzunguze chingwe kawiri n'kumanga, masentimita 3 kuchokera kumapeto. Mukasema kampata kakang'ono pamalo omangapo, mfundo siterera.

Musamange mfundo zonse mwamphamvu ulendo woyamba. Kolekani kaye pa msomali, mubwerere m'mbuyo masitepe angapo, muone kamtengo kamene kapendekeka. Nthawi zonse kamakhalapo. Kakonzeni kali pakhoma pomwepo, kenako mulimbitse.

Pegi silingayasame kufika pomeza kamtengo konenepa chonchi, ndiye pansi pa kamtengo kalikonse mangani kachingwe kopyapyala kuchokera mapeto ena kufika ena, ndipo makhadi muzipana pa kachingweko. Mtengo wotere umanyamula makhadi ang'onoang'ono oposa 20. Olemera akhale m'munsi, kupatula oimba aja okhala ndi batire, ndipo khadi limene mumalikonda koposa likhale lokha pamwamba. Ubwino wake wina ndi wakuti ngakhale makhadi akhale atatu, maonekedwe a mtengo amakhalapo kale, choncho sichioneka ngati chosatha. Nyengo ikatha mumangochipinda, timitengo n'kugona pamodzi, chaka chamawa n'kungotambasula.

Riboni pachitseko

Apa sipafunika msomali ngakhale umodzi. Zitseko zambiri ndi zotalika pafupifupi mamita 2, choncho riboni ya mamita 4.5 imazungulira chitseko kuchokera pamwamba, kutsika, kudutsa pansi, n'kukamangidwa kuseri. Ikhale yotakata masentimita 3 kapena 4 ndiponso yopyapyala kuti chitseko chizitsekekabe. Nsalu yakale yong'ambidwa motalika imagwira ntchito yomweyo.

Vuto la riboni yoimirira ndi lakuti pegi silingaipane n'kupananso khadi lili lowongoka. Njira yake ndi kusokerera mapegi pa riboniyo musanaimange. Pakati pa kawaya kozungulira ka pegi pali kabowo. Pisani singano mmenemo, mubaye riboni, mubwereze katatu kapena kanayi, n'kumanga kumbuyo. Pegi liloze pansi, ndipo mapegi atalikirane masentimita 20. Guluu angachite ntchitoyi msanga, koma ulusi umakhalitsa ndipo mapegi mudzawamasula n'kubwerera nawo ku ntchito yawo yakale.

Sankhani chitseko chosatsekulidwa pafupipafupi komanso chosamenyetsedwa. Kumunsi siyani masentimita 60 opanda khadi, apo ayi mwana wokwawa, mphaka ndi tsache adzagawana.

Nthambi m'botolo

Kwa amene alibe khoma lopanda kanthu koma ali ndi pakona pa tebulo. Pezani nthambi youma ya mphanda zambiri, yotalika osapitirira kawiri ndi theka kutalika kwa chotengera chimene muikemo. Chotengeracho chikhale cha pansi potakata: botolo la kukamwa kwakukulu, chitini, mphika wa maluwa. Imikani nthambi, muthire timiyala kapena mchenga wouma mpaka pafupi kudzadza. Ikankheni pang'ono ndi chala. Ikagwedezeka panopa isanasenze kanthu, ndiye kuti idzagwa ikasenza.

Popachika simuyenera kuboola khadi. Lowetsani kilipi ya mapepala pamwamba pa tsamba lakumbuyo, mupise ulusi mu kilipiyo, mumange kakhosi, n'kukoleka pa mphanda. Khadi lopindira pamwamba mungopisa ulusi m'kati mwa chipindacho n'kumanga mapeto awiriwo pamwamba. Ulusi ukhale wotalika mosiyanasiyana kuti makhadi asagundane.

Njirayi ndi ya makhadi ang'onoang'ono ndi osapinda, chifukwa amazungulira mphepo ikadutsa ndipo mbali zonse zimaoneka. Makhadi 8 kapena 10 ndi okwanira nthambi imodzi. Mukapitirira pamenepo nthambi imabisika, chotsala n'chimulu cha mapepala. Olemera akhale pafupi ndi thunthu, ndipo mukaika limodzi mbali ino, lotsatira lipite mbali inayo.

Nkhata ya katoni

Pa katoni yolimba jambulani mizere iwiri yozungulira, wakunja wa masentimita 35 kudutsa pakati, wam'kati wa masentimita 25. Ngati mulibe chojambulira, mangani pensulo ku ulusi, mubaye pini pakati, muzungulire. Dulani, kenako dulaninso ina yofanana nayo. Pomata ziwirizi, mizere ya m'kati mwa katoni ipingasane, ina yoimirira ina yogona. Katoni imapindika motsata mizere yake, ndiye ikapingasana nkhata imalimba zedi. Ipsinjeni ndi mabuku mpaka guluu aume.

Ikuteni ndi nsalu, chingwe kapena pepala lokutira mphatso lotsala. Mangani riboni yokolekera pamwamba musanamate mapegi, kuti mudziwe malo oti musiye. Kenako matani mapegi 14 kapena 15 mozungulira, motalikirana masentimita 6, kukamwa kukuloza kunja. Guluu wa matabwa amagwira bwino pa pegi lamtengo, koma amafuna usiku wonse kuti aume.

Ndinene chilungamo pa njira iyi: ndi yokongola kuonera patali, koma makhadi amasanjikizana ndipo am'mbali ndi apansi amakhala chopendekeka kapena chadodolido. Ngati cholinga chanu n'chakuti anthu aziwerenga, ikani pano makhadi akale amene munawerenga kale, atsopano apite pachingwe. Makhadi akakhala ochepa, aikeni moyang'anizana, lina pamwamba lina pansi, lina kumanja lina kumanzere, kuti nkhata isazungulire mbali imodzi.

Zina zachangu

Felemu yakale ya chithunzi imene galasi lake linasweka musataye. Chotsani chakumbuyo, mukhome timisomali kapena mapini kuseri kwa matabwa a m'mbali, mudutse chingwe mizere itatu kapena inayi. Felemu imachititsa makhadi ochepa kuoneka ngati anakonzedwera pomwepo, ndipo mutha kungoitsamiritsa kukhoma pamwamba pa kabati.

Makwerero amatabwa otsamiritsidwa pakona amanyamula makhadi opindira pamwamba pa masitepe ake popanda kuchita china chilichonse. Hang'ala ya waya ikakutidwa ndi riboni, n'kumangirira timaulusi tolendewera pansi pake, imanyamula makhadi asanu kapena asanu ndi limodzi ndipo imakolekeka paliponse. Pa tebulo lokhala ndi galasi lochotseka pamwamba, makhadi osapinda amalowa pansi pa galasi, ana sawafikira ndipo fumbi siliwapeza, koma zithunzi zonyezimira zimatha kumatirira pagalasi pakakhala chinyezi, choncho zimenezo ayi.

Kwa olemera aja osapachikika, dulani katoni yotalika masentimita 30 ndi yotakata 10, muipinde pakati motalika kuti iime ngati denga, kenako mucheke timipata topingasa pamsana pake motalikirana masentimita 3, takuya masentimita 2. Khadi lililonse limakhala m'kampata kake ndipo mphepo siligwetsa.

Ndipo pali njira imene ambiri saiyesa kukongoletsa n'komwe, pamene ndi imene imachititsa makhadi kuwerengedwa kwambiri: kadengu kapena mbale yotakata pa tebulo la pabalaza, makhadi ataimikidwa motsamirana. Mlendo amene akudikira amangotambasula dzanja. Makhadi okhala ndi kalata yaitali m'kati malo awo ndi amenewa.

Kasanjidwe

Musaike makhadi a mtundu umodzi pamodzi pokhapokha mutachita dala. Ofiira atatu oyandikana amakoka maso onse mbali imodzi. Amwazeni, ndipo pakati pa aphokoso awiri ikani lofatsa. Akuluakulu akhale pakati kapena m'munsi. Mukatha kusanja, jambulani ndi foni muyang'ane chithunzicho. Kupendekeka kumene maso sakuona pakhoma kumaonekera msanga pa chithunzi chaching'ono.

Masiku oyambirira, makhadi ali ochepa, musadzadze mapegi opanda kanthu pachingwe. Asungeni m'kabokosi pafupi. M'mipata ikani makhadi a zaka zapitazo, zojambula za ana, kapena nyenyezi zodulidwa pa pepala, ndipo muzichotsa chimodzichimodzi atsopano akamafika. Maenvulopu okhala ndi masitampa okongola amadzadzanso bwino, koma pindani kapena kuphimba adiresi, makamaka ngati mudzajambula zokongoletsazo n'kuika pa intaneti. Chimodzimodzinso zithunzi za ana a anthu ena: anakutumizirani inuyo, sanatumizire dziko lonse. Werenganinso mawu a m'kati musanapachike. Khadi limene munthu wakuuzanimo za matenda, za ngongole kapena za m'banja mwake si la pabalaza.

Ena amakonda kupiringiza timagetsi pachingwe. Gwiritsani ntchito ta LED, chifukwa satentha ngati timababu takale. Makhadi apanidwe pa chingwe, osati pa waya wa magetsi, ndipo kilipi yachitsulo isakhudze wayayo. Yang'anani wayayo ngati wasendeka musanayatse, ndipo muzizimitsa pokagona kapena pochoka pakhomo.

Perekani ntchito yopachika khadi latsopano kwa ana, koma liyambe lawerengedwa mokweza ndipo aliyense adziwe amene watumiza. Mzere wapansi ukhale wawo, pa msinkhu wawo, wa makhadi opanda batire komanso opanda mikanda yothothoka.

Pochotsa

Nyengo ikatha, chotsani makhadi kaye, chingwe pambuyo. Pukutani fumbi ndi nsalu youma. Kuseri kwa khadi lililonse limene mukufuna kusunga lembani chaka ndi pensulo, ndipo ngati wotumizayo anangosaina dzina loyamba, onjezani lachiwiri, chifukwa patapita zaka khumi simudzakumbukira kuti anali uti. Ino ndiyonso nthawi yolemba maadiresi atsopano m'kabuku kanu maenvulopu asanatayidwe.

Chotsani makilipi onse, popeza amachita dzimbiri n'kudinda pepala. Musamange makhadi ndi labala, chifukwa akakhalitsa amasungunuka n'kumatirira. Mangani ndi ulusi wa thonje kapena muwaike mu envulopu yaikulu, chaka chilichonse yakeyake. Mabatire a makhadi oimba achotsedwe, akutidwe ndi tepi mbali zonse ziwiri, ndipo atayidwe kumene mabatire amasonkhanitsidwa ngati malo otere alipo. Bokosi losungira likhale pamwamba, pamalo ouma, osati pansi penipeni pamene chinyezi ndi chiswe zimafika.

Simukakamizidwa kusunga onse. Khadi longosainidwa popanda uthenga dulani tsamba lakutsogolo, ngati kuseri kwake sikunalembedwe, mupange timakhadi tomangirira pa mphatso kapena nyenyezi zodzadzira mipata chaka chamawa. Kumene mapepala amasonkhanitsidwa kuti akapangidwenso, makhadi a pepala lokhalokha amalandiridwa, koma mbali zokhala ndi zonyezimira, pulasitiki kapena riboni muzing'ambe kaye n'kutaya padera. Chingwe chikulungeni pa kachidutswa ka katoni, mapegi opakidwa penti alowe m'thumba limodzi nacho, ndipo pa katoniyo lembani kutalika kwa mzere uliwonse ndi msinkhu wa misomali kuti chaka chamawa musadzayezenso.